Ayodini Amene Sanabwere

Fungo la fodya wamuwisi likandipeza, ndimabwerera kwathu ku Chulu, m'dzinja la chaka chimene dzina la abambo silinatuluke pa makuponi a feteleza. Mvula inkagwa osapumira, chimanga chathu chitachita chikasu, ife tikusoka fodya m'chigafa m'mimba mukulira. Zala zinkada ndi phula la masamba, ndipo sopo kunyumba kunalibe.

Ndinali mu Fomu 1 kusekondale yoyendera. Aphunzitsi athu a sayansi, a Mwale, anatiuza kuti m'malovu muli kanthu kotchedwa enzaimu kamene kamagaya chakudya, koma kamafooka pakachuluka asidi. Anati tidzadzionera ndi maso athu. Tinapangana bwinobwino: phala lamadzimadzi m'mabotolo atatu, ndipo monsemo tilavuliremo. Lina tifinyiremo ndimu, lina tithiremo chidulo, lina tingolisiya. Kenako kadontho ka mankhwala a ayodini, ndipo m'mene phala silinagayike mudzasanduka buluu. Buluu ameneyu ine ndinkachita kumulota!

Mwa phuma langa ndinakweza mkono kuti ufa ndibweretsa ine. A Mwale anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana kalasi yonse. Ena anali atagona pamadesiki, milomo ili mbuu.

"Ufa woti mukalavulire?" anafunsa amayi madzulo ake. Koma poti zinali za sukulu, anapala pansi pa chidebe n'kundimangira m'kapepala ka shuga. Tsiku limenelo phala la mng'ono wanga Chisomo linali madzi okhaokha, ndipo analira mpaka kutopa.

M'mawa mwake a Mwale anatembenuza kamtoloko m'manja mwawo n'kundibwezera. "Ayodini sanabwere kuchokera kuboma, mwanawe. Ufawu ukapatse amayi ako, ungachite nkhungu."

Sabata yotsatira anayankha zomwezo, inayo zomwezonso. Mandimu amene anzanga anabweretsa anafota pawindo, chidulo chinauma m'chitini, fodya anafiira m'zigafa. Ine ndinkafunsabe, mpaka anzanga anayamba kunditchula Ayodini.

Tikutseka sukulu ndinatumidwa kukasesa mu ofesi ya aphunzitsi. Kabati inali yotsegula, ndipo kuseri kwa bokosi la choko ndinaona kabotolo kabulauni ka ayodini, dzina lake lolembedwa poyera, kodzaza mpaka kukhosi, fumbi lili tho. Kanali pomwepo nyengo yonseyo! Ndinapsa mtima, ndinalira njira yonse. Ndinati a Mwale ndi aulesi, ndiponso abodza.

Buluu uja sindinamuone mpaka lero. Koma tsopano ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kulira kwa mbale ikamapala pansi pa chidebe. A Mwale analephera kuuza ana anjala kuti alavulire m'phala kenako akalitaye kudzala. Ufa umene anandibwezera uja, amayi anauphikira Chisomo tsiku lomwelo, ndipo anagona osalira.