Buku Silituluka Lisanawerengedwe

Ndinaganiza zochoka m'komboni ya George tsiku limene tinaika atate m'manda. Anthu akubalalika kumaliro, ine n'kuti nditadziuza kale kuti Lusaka andione msana. Mkwiyo umene ndinali nawo, ndikanakhala ndikanapha munthu, kapena akanapha ine.

Atate ankagulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu pafupi ndi msika wa Matero. Ntchitoyi anaitengera kwa agogo aamuna, amene anachoka ku Katete ndi thiranki yachitsulo yodzaza mabuku m'malo mwa zovala, abale n'kumawaseka kuti ku tauni akafunda mapepala. Agogowo anasiya lamulo limodzi, ndipo atate analisunga kuposa malamulo a kutchalitchi: buku silituluka m'nyumba wapabanja asanaliwerenge. Wogula ankatha kufika ndalama zili m'manja, atate n'kumuuza kuti, "Bwelani mailo, iyi tikalibe kusiliza." Pa Sondo masana tinkakhala pakhonde, ine ndikuwerenga mokweza, iwo akundikonza ndikalumpha mzere. Polekezera ankaikapo kamtengo ka machesi.

Anyamata amene ankadzitcha eni msika anafuna malo a atate kuti apatse wogulitsa mafoni. Atate anakana. Anyamatawo anabwera dzuwa likuswa mtengo, atanyamula mapulanga ndi tcheni cha njinga. Anawagwetsera pa mabuku awo omwe, n'kuwaponda m'nthiti, anthu akungoonerera. Ine pofika ndinapeza akulavula magazi, koma dzanja likutolerabe mabuku m'matope. Sanathe sabata.

Buku limene tinkawerenga masiku amenewo linali la mayi wina amene anakwera sitima kukafuna mlongo wake wosowa kumigodi. Tinalekezera pamene mayiyo anagogoda pakhomo la nyumba ina, ndipo kamtengo ka atate kanali pomwepo. Sindinathe kulitsegulanso. Ndinaliika pamwamba m'thiranki, n'kuuza mkazi wanga Esinati kuti, "Ivi vinthu osagwilako, olo njala ibabe bwanji." Mwana wathu wamkazi Tiko n'kuti atangoyamba kumene sukulu.

Ku Joni ndinapeza ntchito yolondera shopu ya munthu wina wa ku Ethiopia. Tinkagona ambiri m'kachipinda kamalata, mapazi a mnzako ali pamphuno pako, koma kusungulumwa kwake sindinakuonepo. Ndinkawerenga chilichonse chogwera m'manja: nyuzipepala zakale, timapepala ta mankhwala, zolemba za pa matumba a ufa. Anzanga ankanditcha Aticha, ndipo sikunali kundilemekeza. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, kenako mwa apo ndi apo, kenako ndinangotsala ndi manyazi. Pafoni ndinkayamba kufunsa za thiranki, za anthu pambuyo. Esinati ankangoti, "Ilipo," n'kuyamba kukamba za mvula.

Zaka zitapitapo kunabuka zipolowe zothamangitsa alendo. Gulu linafika m'mawa ndi zikwanje, ndodo, matayala ndi petulo. Bwana wanga anathawira padenga. Ine anandigwira pachitseko, wina n'kundifunsa funso m'chilankhulo chawo, ndipo lilime langa litandiulula, njerwa inatera pankhope. Ndinamva diso likuphulika. Anandikhwekhwereza mumsewu, akundimenya ndi chitsulo m'msana ndi m'mutu, tayala loti andiwotchere likubwera pambuyo. Chinandipulumutsa ndi umbombo wawo, chifukwa chitseko cha shopu chitagwa anandisiya n'kuthamangira shuga ndi mafuta.

Diso lamanzere linatheratu. Lamanja linatsala loona anthu ngati ali m'utsi wa mbaula, zilembo ayi. Dokotala atandiuza kuti sindidzawerenganso, ndinalira kuposa pamaliro a atate. Mlonda wosaona palibe amamulemba ntchito, choncho anzanga anasonkherana n'kundikweza basi. Njira yonse ndinkaganiza chinthu chimodzi. Tiko tsopano ndi wa kusekondale, akanditsegulira buku lija pa kamtengo ka atate, ndikamve amene anatsegula chitseko chija. Ndinkabwerera wopanda katundu, wopanda diso, koma ndili ndi chimenecho.

Minibasi inanditsitsa mu George masana. Esinati ndinamupeza pafupi ndi pogulitsira madzi, akukazinga vitumbuwa. Tinalonjerana ngati alendo, iye akuyang'ana chipsera changa osafunsa kanthu. Mayi wina atagula vitumbuwa, Esinati anapisa dzanja pansi pa benchi, n'kung'amba pepala lokulungira. Kung'ambako ndinakumva m'mano. Ndinagwada n'kupapasa, ndipo zala zinagwira chikuto cha pepala la thumba la simenti, chosokedwa ndi ulusi, mmene atate ankakutira mabuku awo onse.

"Yasala yangati mu thiranki?" ndinafunsa.

"Iyi ndiye yosiliza," Esinati anayankha.

"Na ija ya sitima?"

"Inasila kudala."

Ndinamenya mbaula ndi phazi. Chiwaya chinagubuduka, makala anamwazika, mafuta owira n'kumugwera Esinati pamwendo. Anakuwa, anthu a pamzere wa madzi n'kusiya zigubu zawo kuthamangira kwa ife. Ine dzanja linali kale m'mwamba. Esinati sanathawe. Anakhala pansi atagwira mwendo, khungu likusupuka, n'kundiyang'ana.

"Menyani," anatero. "Nimenyeleni pa mabuku, monga mwamene banamenyela batate banu. Mwenze kuganiza mwana adya chani zaka zonse izi?"

Dzanja linauma m'mwamba momwemo. Ndinadziona nditaimirira pamwamba pa munthu wogwa, mapepala ali m'fumbi, anthu akuonerera. Chithunzi chimenecho ndinkachidziwa, koma ndinali ndisanaimepo mbali imeneyi.

Mtsikana wamtali wovala yunifolomu anadutsa pakati pa anthu, n'kulanda chigubu cha wina, kuyamba kuthira madzi pamwendo wa Esinati. Ndinamudziwa ndi mawu. Anali Tiko. Sanandipatse moni, analankhula akuthirabe madzi.

"Batate, kulibe pepa yamene inayenda nikalibe kubelenga. Bamami benze kukana. Banakamba ati ni lamulo ya bagogo."

Zotsalazo ndinazimva panjira yopita kukiliniki, ndikukankha Esinati pa wilibala yobwereka, Tiko akunditsogolera kuti ndisagwere m'ngalande. Esinati sukulu sanapite nayo patali, kuwerenga kwake n'kodumphadumpha. Ndalama zanga zitasiya kufika, anayamba vitumbuwa, ndipo zokulungira analibe pozitenga. Anatsegula thiranki, koma asanang'ambe tsamba lililonse ankakhazika Tiko pampando kuti aliwerenge mokweza, iye akukanda ufa. Mwana poyamba ankagwa pa mawu alionse, ndiye tsamba limodzi linkatha nthawi yaitali. Masiku ena ogula ankabwerera, ena ankalandira vitumbuwa m'manja, chifukwa mutu wa buku umene ankawerenga unali usanathe. Azimayi anzake ankamuseka kuti malonda ake amayendera belu la kusukulu.

Ine ndinatha zaka ndikulondera chitsulo cha thiranki pafoni, ndikuyesa kuti cholowa cha atate chili mmenemo. Amene anachisunga ndi mkazi amene ndinamuwotcha mwendo, ndipo chipsera chake chilipo mpaka lero. Ndikachikhudza ndimamva manyazi osaneneka. Kukhululuka sanandiuze kuti wakhululuka, ndipo ine sindimukakamiza.

Kukiliniki mzere unali wautali. Tinakhala pabenchi atatu. Kenako Tiko anandiyang'ana pafupi, n'kugwedeza dzanja kutsogolo kwa nkhope yanga, ndipo anamvetsa popanda kuuzidwa kuti sindingawerengenso.

"Munalekezela paja penze kamtengo ka machisa, ai?" anafunsa.

"Pamene anagogoda," ndinayankha.

Anakonza kukhosi monga ndinkachitira ine pakhonde la atate, n'kuyamba kusimba kuchokera pamtima. Anati chitseko chinatseguka, n'kutuluka mwamuna woonda, wa chala chimodzi chodukira. Ndinagwira benchi.

"Iyayi, walumpha," anatero Esinati, maso ali pamwendo wake. "Poyamba kunachoka galu. Bwelela, batate bako bamvele bwino."