Nkhunzi Imene Bambo Anasankha ndi Manja

Bambo anga atapuma ntchito kufakitale ku Makata, anagula ng'ombe zisanu n'kumanga khola kumapeto kwa Machinjiri, kumene nyumba zinali zisanafike. Anthu ankawaseka kuti ng'ombe m'tauni n'zachiyani, koma iwo analibe nazo ntchito. Ankalota khola lodzaza ng'ombe za nyama.

Chaka chimene nkhunzi yawo inafa, maso awo anali atachita kale ng'ala. Anandiitanitsa ku Ndirande, kumene ndinkakhala, kuti ndiwaperekeze kwa mlimi wina kupitirira Lunzu, akasankhe nkhunzi yaing'ono. Kunena zoona, ndinapita monyinyirika. Linali Loweruka, tsiku limene malonda amayenda pa okala yanga.

Titangofika ndinaloza yonenepa, ya linunda lalikulu, yonyezimira ngati aidzoza mafuta.

"Bambo, yabwino nayi. Titenge tizipita."

"Ukundithamangitsira kuti iwe?" anatero. Kenaka anafunsa mwini khola, "Achimwene, mayi wake ali kuti?"

Abale inu! Tadzera mwana, iwo akufunsa mayi. Komabe ndinawagwira dzanja mpaka pa ng'ombeyo. Anaisisita msana, nthiti, bere, n'kupukusa mutu. Tinazungulira choncho khola lonse, nkhunzi iliyonse kuyambira kwa mayi wake. Pomaliza anaima pa kankhunzi kofiira kosaoneka bwino n'komwe. Anakagwira miyendo umodziumodzi, mpaka kumene ine ndinkachita manyazi kuyang'ana. Anapempha kuti akayendetse pouma, iwo n'kumamvetsera ziboda zake.

"Aka," anatero.

"Koonda aka? Anthu atiseka."

"Aleke aseke. Sitikugula nyama ya lero, tikugula ana ake. Bwera kuno, ika dzanja lako apa ndikuonetse."

"Mudzandionetsa tsiku lina," ndinayankha, maso ali pafoni.

"Chabwino. Akadzabadwa mwana wake woyamba, tidzamugwira limodzi."

Mawu anga aja oti "tsiku lina" amandiwawa mpaka lero.

Kankhunziko kanakula, ng'ombe imodzi inatenga bere. Ndikapita kukawaona, ndinkawapeza kukhola, dzanja lili pamimba pa ng'ombeyo, akuiyankhula ngati munthu. Anadwala masiku anayi okha. Tinawaika m'manda ng'ombeyo isanabereke.

Inabereka mvula yoyamba itangogwa. Amayi atandiimbira, ndinatseka okala n'kuthamangira minibasi. Ndinapeza kamwanako kataima kale, kofiira, kakudzandira m'matope.

"Nanga bwanji," amayi anandifunsa atatsamira mtengo wa khola, "bambo ako anasankha bwino?"

Ndinagwada m'ndowe momwemo, ndinatsinzina, n'kuyendetsa manja pamsana pake, m'nthiti, m'miyendo, monga ndinaonera iwo akuchita. Ndinamva kufunda ndi kamtima kakugunda, basi. Chimene manja awo ankafunafuna sindinachipeze. Ndinalakalaka dzanja lija, lokhakhala, litagwira langa n'kuliika pamalo pake.

"Sindikudziwa, amayi," ndinatero. "Anafuna kundionetsa, ine ndinati tsiku lina."