Wailesi yaimitsa chinkhoswe cha Esinati

Loweruka ndimayenera kuvina pa chinkhoswe ku Malomo. Nsalu ndinasoketsa, mphatso ndinagula pa Mponela. Lachinayi mkulu wanga anandiimbira foni kuti ndisavutike, akuchimuna ayamba aimitsa kaye mwambowo.

Wotomeredwayo ndi mwana wake, Esinati, amene amasewera mpira wamanja mu timu yaikulu ku Lilongwe. Posachedwapa abambo awiri a pulogalamu yamasewero pa wailesi anakhalira kukamba za thupi lake. Ati wanenepa, ati yunifolomu yamuthina, ati akuthamanga ngati wasenza thumba la feteleza. Anatsegula mafoni, anthu n'kumathirira ndemanga. Zoti pa masewero a tsiku lomwelo anamwetsa zigoli kuposa aliyense m'bwalomo anangozitchula mothamanga, nthawi itawathera.

Iwo ankayesa macheza. Koma wailesi imamveka mpaka m'zigafa za fodya ku Ntchisi, ndipo kwathu kuno mtsikana wosakwatiwa akanenepa mwadzidzidzi sitifunsa za kadyedwe. Azakhali a mnyamata womutomerayo anangogamula okha kuti ali ndi pakati. Ndipo poti mwana wawo watha chaka ali ku Joni, ndiye kuti pathupipo ndi pa wina.

Ndinapitabe. Ndinamupeza Esinati pakhonde akumwa madzi otentha a mandimu. Mayi ake akuti chakudya akungochitola ngati nkhuku. Esinati anandifotokozera kuti mphunzitsi wa timu ndiye anamuuza kuti azinyamula zitsulo, kuti otchinga asamamukankhe pansi pa golo. Thupi ankalisekalo, mwanayu anachita kulikhetsera thukuta.

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunaphwe. Inu olemba ndi owulutsa zamasewero, munamuyeza pa sikelo iti? Munamufunsapo mwini wake? Wosewera wamwamuna akatuluka kamimba mumaseka tsiku limodzi basi, palibe amamuimitsira ukwati. Nafenso omvera tisadziyeretse, oimba mafoni aja ndife tomwe.

Monga mayi wake wamng'ono ndinamulangiza kuti adye, apirire. Ngati akufuna kuchepa thupi, achepe pang'onopang'ono, akuchimunawo adzaona okha kuti panalibe kanthu.

Anaika kapu pansi.

"Amayi aang'ono, ndikakhala chonchi, awailesi sandisiya. Ndikachepa, kuno adzati ndachotsa. Tandiuzani inuyo, ndikhale ndi thupi liti?"

Inu amene munayambitsa nkhaniyi, yankho muli nalo?