Njinga ya Malume Inatsika Phiri Osalira

Lero ndiulule. Njinga yamoto ya malemu malume anga inakhala zaka zambiri m'chigafa cha fodya, nkhuku zikugonapo. Ndinamasula injini yake yonse poonera mavidiyo pafoni. Kwathu ku Kasakula netiweki imagwira pachulu, ndiye ndinkaonera pamwambapo n'kuthamangira kunyumba ndisanaiwale.

Mkulu wa m'vidiyoyo anati potsekula injini tizitseka polowera mpweya ndi kansanza kuopa fumbi. Ndinang'amba chitenje cha akazi anga cha maluwa ofiira. Mapeto a vidiyo sindinaonere, poti ndinkadziona ngati makaniko kale.

Tsiku loyesa, anthu anadzaza pabwalo. Ndinaponda kiki mpaka thukuta kamukamu, njinga ili zii. Mwamanyazi ndinati, "Zakalezi zimalira bwino pamtsetse." Ndinatsika nayo phiri ndikubayibitsa anthu, vuuu akuchokera pakamwa panga. Pobwerera ndinaikankha mozemba, kudzera m'chimanga cha eni.

M'mawa mwake ndinapeza kansanza kaja, n'kukasolola mwakachetechete. Njinga inalira kamodzi n'kamodzi, ine gule ndekhandekha!

Anthu ndinawauza kuti inavuta ndi pulagi. Koma akazi anga akakwera kumbuyo amandinong'oneza kuti, "Bambo a Tadala, pulagi ija inali ya maluwa ofiira, eti?"