Belu Limene Linabwerera pa Khoma Tsiku la Maliro

Ndinadzuka tambala asanalire, kudzutsidwa ndi kanyundo kogogoda mwakachetechete. Ndinkati akukhoma bokosi la achimwene, koma bokosilo linali litatha dzulo lake. Azimayi amene anachezera kuimba anali atagwa ndi tulo pamikeka, ndipo moto wapanja unali utatsala makala okha. Nditasuzumira pabalaza ndinaona fundi, mmisiri wa ushirika, bungwe la asodzi la kuno, ataima pampando, akukhomerera belu pakhoma, pamwamba penipeni pa mlamu wanga amene anali atagona pambali pa mtembo wa mwamuna wake. Anasolola kansanza ka kanga m'kati mwa belulo n'kukabisa m'thumba. Atandiona anangondipepesa m'Chiswahili kuti, "Pole, dada," n'kutsika.

Achimwene ankayang'anira injini ya nyumba yoziziritsiramo nsomba ya ushirika kuno ku Mbamba Bay, ku Tanzania. Kuchokera m'chipinda chozizira munatuluka waya wofika kunyumba kwawo. Injini ikazima, kapena munthu akatsekeredwa m'kati n'kudina batani, belu linkalira, ndipo mlamu wanga ankathamanga ndi kiyi ngakhale ndiwo zili pamoto. Koma mwezi wapitawo mwenyekiti, wapampando wa ushirika, analichotsa, ati katundu wa wananchi, eni dziko, sangakhale m'nyumba ya munthu wa ku Malawi. Analipachika kwake kuti alendo a chipani aziliona. Litayamba kudzutsa khanda, mkazi wa mwenyekitiyo analitseka pakamwa ndi kansanza kaja. Tsiku limene mwera unamenyetsa chitseko achimwene ali m'kati, belu linangonjenjemera pakhoma la mwenyekiti. Achimwene anawapeza m'mawa atauma gwa, chala chili pabatani.

Kutacha tinasonkha moto kuseri. Kumwamba kunali mitambo yopanda mvula, mphepo ikubwezera utsi m'maso mwathu. Anthu anayamba kufika, a ku Liuli kwawo kwa mlamu wanga pamabwato, a ku Kihagara wapansi, ena ndi nkhuni, ena ndi ufa wa chinangwa, ena ndi njala yokha. Amayi anali atafika usiku kuchokera kutsidya la nyanja, ku Malawi. Powadikira, mtembo unasungidwa m'chipinda chomwe chija, ndipo a ushirika anachitcha chifundo.

Aliyense wolowa kukapepesa ankayamba wayang'ana mmwamba, kenako n'kuyang'ana wamasiye. Manong'onong'o anafika kumoto madzi asanawire. Belu lalikulu chonchi osalimva, ndiye kuti anagona kuti? Ena mwa onong'onawo anali atamwapo tiyi pansi pa belu lomwelo kwa mwenyekiti. Ndinapsa mtima.

Ndinakokera amalume pambali n'kuwauza zimene ndinaona. Anayang'ana uku ndi uku. "Mwana iwe, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukufuna atikweze bwato tonse? Masiku ano Mmalawi akatsokomola amati ndi kazitape."

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Njira ya kumanda ndi yokwera, yamiyala, ndipo asodzi ankasinthana bokosi osalola kuti litsike. Mwenyekiti anayenda kutsogolo, malaya ositasita, mpango m'manja wopukutira misozi imene sindinaione. Kumanda, abusa atatha, anapempha kuyankhula. Anati ndugu wathu, m'bale wathuyu, anali wakhama, ushirika unamuikira belu m'nyumba mwake kuti asaone ngozi, koma makina alibe miyendo, amafuna munthu wogona pakhomo pake. Anthu anavomera ndi mitu.

Ndinaimirira. Ndinakuwa kuti belulo labwera lero m'bandakucha, afunse fundi. Fundi anayang'ana zala za kumapazi. Amalume anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa, azimayi a mpingo n'kuyambitsa nyimbo yondiphimba. Wina kumbuyo anati chisoni chamusokoneza mutu. Dothi litaperekedwa kwa wamasiye kuti aponye m'manda, amayi analikutumula m'dzanja lake, anthu onse akuona.

Pobwerera mvula inawaza pang'ono. Anthu anadya, anasamba m'manja, nabalalika. Abale a mlamu wanga anakwera mabwato awo msangamsanga, manyazi atawagwira, osamutsanzika n'komwe.

Madzulo ndinagwada pamaso pa amayi n'kuwafotokozera zonse, kuyambira kansanza kaja. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. "Ndaliona ndi maso anga pakhoma, iwe ukundiuza za kansanza? Mwana wanga wafa ngati nsomba, mkazi ali kwina. Adzukulu anga sangaleredwe ndi ameneyu." Malowolo anaperekedwa, ana anali akuchimuna, ndiye panalibe wowaletsa. Anatenga ana awiriwo kukagona nawo kwa amalume, kuti m'mawa awoloke nawo. Wamng'onoyo anakakamira chitenje cha mayi ake mpaka anachita kumumasula chala chimodzichimodzi.

M'nyumba tinatsala awiri. Panja panali phulusa ndi mafuwa, m'kati fungo la thukuta la anthu amene anapita. Mlamu wanga anasesa, anayatsa koloboyi, kenako anatambasula mkeka wa ana pamalo pake n'kuyala kansalu kawo. Ndinamuuza kuti anawo sabwera usiku uno. Anati akudziwa, koma wamng'onoyo amadzuka kufuna madzi, ndipo agogo ake sadziwa kuti samwa ozizira. Anaika kapu pambali pa mkekawo, n'kukhala pansi chitseko chili chotsegula.