Buku la oyamba kumene lomwe linandikana

Kompyuta inafika ku ofesi yathu ku Balaka m'nyengo yogula thonje, chipani chidakali chimodzi. Ine ndinali wotayipa makalata pa kaofesi kena koona za ulimi, ndipo pa tayipi panalibe wondiposa. Ndinkatayipa uku ndikucheza, osayang'ana zala. Tsono abwana atanena kuti makina atsopanowo akhala m'manja mwanga, ndinangoti mumtima: ndi tayipi yomweyi, angoiwonjezera galasi.

M'katoni momwemo munali buku lonenepa la Chingerezi. Pachikuto analemba kuti ndi la anthu oyamba kumene. Ndinapita nalo kwathu ku Rivirivi Lachisanu, ndili ndi mtima woti pofika Lolemba ndikhala nditalimaliza.

Loweruka lonse ndinakhala nalo pansi pa mtengo wa mango. Mutu woyamba unkakamba za azungu akalekale omwe anapanga makina owerengera. Wachiwiri unkati mkati mwa kompyuta mulibe zilembo, muli ziro ndi wani basi. Wachitatu unali timabokosi ndi mivi. Ndinafika kutali ndithu ndisanauzidwe n'komwe poyatsira. Mayi anga, omwe ankasenda chinangwa pambali panga, anafunsa ngati bukulo likukoma. Ndinawauza kuti lili ngati munthu woti wamufunsa njira ya kumsika, iye n'kuyamba kukufotokozera amene analambula msewuwo.

Mu ofesi mwathu munali akalaliki ena, bambo a ku Ntaja, Msilamu wofatsa amene akamaseka ankangogwedeza mapewa, mawu osatuluka. Iwowa anatumizidwako ku Blantyre masabata awiri chaka chapitacho kukaphunzira kompyuta, koma atabwerako anapeza palibe yoti agwire. Lolemba m'mawa ndinawaikira bukulo patebulo, ndikuti aone komwe angakalitaye. Anatsegula pomwe panali ziro ndi wani paja. Tiyi wawo anazizira. Ankangogwedeza mutu, chala chikuyenda pa mizere. Anandifotokozera kuti ku Blantyre anangoloweza pamtima, dinani apa, lembani ichi, osadziwa chifukwa chake, ndipo tsopano zonse zinkagwirizana.

"Achemwali, bukuli ndi labwino zedi," anatero.

"Iyayi achimwene, ndi labwino kwa inu amene munaigwirapo. Pachikutopo akuti ndi langa, koma likucheza ndi inu."

Tinapangana kuti bukulo atenge iwo, ine andiphunzitse ndi manja. Anandionetsa batani loyatsira, lomwe linabisala kumbuyo, ndi polowetsera disiki. Zala zanga zinavuta kumva. Ndinkamenya mabatani ngati ndili pa tayipi, mpaka iwo anandipempha kuti ndiwamvere chisoni makinawo, sanandilakwire. Pakutha pa mzere uliwonse ndinkaima kudikira kabelu kuti kalire ngati pa tayipi. Tikaweruka kompyutayo ndinkaifunditsa chitenje changa chakale, poti fumbi la ku Balaka silipempha polowa.

Sabata yachiwiri ndinalemba kalata ya masamba atatu yopita ku makalabu a alimi a ku Ulongwe. Ndili pa mzere womaliza, magetsi anazima. Atayaka, galasi linali lopanda kanthu. Ndinadzuka n'kukasuzumira kuseri kwa makinawo, ngati kuti mapepalawo agwera kumeneko. Akalaliki aja mapewa anagwedera mpaka misozi. Atapuma anandifunsa ngati ndinasunga kalatayo. Ndinafunsa kuti kusunga kwake kotani, poti palibe anandiuzapo. Tinafufuza limodzi m'bukumo ndipo tinazipeza pa mutu wachisanu ndi chinayi. Ndinati wolemba ameneyo akanabwera kudzakhala kuno mwezi umodzi, kumene magetsi amathawa kamphepo kakangoomba, nkhani yosungayo akanaiika pachikuto penipeni. Iwo anavomera kuti nawonso anaiwala kundiuza, chifukwa ankaona ngati n'zodziwikiratu.

Tsiku lomwelo ndinagula kope la ana asukulu n'kuyamba kulembamo zanga m'Chichewa, chilichonse chimene ndaphunzira, m'ndondomeko yomwe manja amachitira. Mawu osowa Chichewa chake ndinkangojambula batani lake.

Panapita miyezi, mvula inagwa, makalata anayamba kutuluka osakhota. Lachisanu lina masana, akalaliki atapita ku mzikiti, abwana anafuna kuti ndikopere mndandanda wa makalabu pa disiki ina yoti apite nayo ku Liwonde. M'kope mwanga munalibe zimenezo. Ndinatenga bukulo pa tebulo la akalaliki monyinyirika, ndipo ndinadabwa. Chingerezi chake chinali chomwe chija, koma tsopano mawu aliwonse ndinkawadziwa nkhope, chifukwa ndinali nditakumana nawo pagalasi. Ndinatsata mizere isanu, makina analira pang'ono, ntchito inatheka. Abwana atanyamuka ndinapitiriza kuwerenga, osakakamizidwa ndi munthu.

Akalaliki atabwerako, kofia ili kumutu, ndinawauza zimene ndachita. Anati ndaona tsopano kuti bukulo n'labwino. Ndinati eya, n'labwino, koma lafuna ndiyambe ndasiya kukhala woyamba kumene. Apo sitinamvane, ndipo mpaka anasamutsidwa tinali tisanamvanebe. Koma masana amenewo anakoka mpando, nakhala pambali panga, n'kunena chapansipansi kuti zokopera madisikizo ku Blantyre sanafikepo, ndiwaonetse pang'onopang'ono.