Tsiku Limene Ndinavuula Amuna Anga pa Damu la Boma

Damu lija analikumba nthawi ya Chitaganya, ine ndili ndi mwana mmodzi kumsana. Boma linati ndi la ng'ombe ndi madimba, koma madzi atangodzaza, ng'ombezo anazithamangitsira kutsidya. Mbali ya kumsewu anadzalako kapinga, anandandalika miyala yopaka laimu, anaumba matebulo a simenti pansi pa mitengo, ndipo anakhoma kamlatho ka matabwa kolowa m'madzi, komangirirapo boti. Lamlungu linali la azungu a pa boma la Katete, amene ankapita kukagona padzuwa la Okutobala dala, osadwala, osatumidwa ndi munthu. Loweruka anatisiyira ife, pamodzi ndi eni masitolo achisilamu amene ankabwera pa lole ndi mabanja awo.

Amuna anga anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni, ulendo wa ola limodzi pa njinga kuchokera pa damupo. Chaka chimenecho mphunzitsi wamkulu ankapuma ntchito, ndipo mpandowo unkawasowetsa mtendere amuna angawo. Ankaufuna kwambiri moti ngakhale popita kukaona nkhuku kukhola ankavala taye, kuopa kuti mwina mzungu woyang'anira masukulu angatulukire. Panali mphunzitsi winanso amene ankaufuna, munthu wofatsa, woimbitsa kwaya.

Ndiye mzungu uja anabweradi. Anati ana a sukulu zitatu akachite pikiniki ku damu sukulu isanatseke: kuthamanga, kukokana chingwe, kudumpha m'masaka, ndi kusambira. Anafunsa kuti ndani angaphunzitse anyamata kusambira mwadongosolo. Wa kwaya uja anayang'ana pansi. Amuna anga anakweza mkono.

Munthuyu anakulira kufupi ndi Mkaika, kumene madzi ambiri amene anawaonapo anali a m'chitsime. Chilowereni m'banja sindinawaonepo akulowa m'madzi opitirira m'maondo. Koma mzungu anawabwereka buku la zithunzi, ndipo amuna anga ankakhulupirira kuti chilichonse cholembedwa m'buku, munthu wa Sitandade Sikisi angachichite.

Masabata anayi athunthu anyamata a sukulu yathu anasambira pa fumbi. Ankatulutsa mabenchi panja, aliyense n'kugona chafufumimba, mimba pa thabwa, manja kutsogolo. Amuna anga ali chilili, buku kudzanja lamanzere, wezulo pakamwa. Akaimba kamodzi, manja apalase. Akaimba kawiri, miyendo ikankhe. Akaimba katatu, onse atukule mutu n'kupuma. Thukuta linkachita kuyenderera pa mabenchipo, ndipo madzi okhawo ndi amene anawakhudza mwezi wonsewo. Ena mwa anyamatawo anali abusa a ng'ombe, odziwa kale kusambira m'maiwe, koma amuna anga anati kumeneko n'kuphiriphitha kwa kumudzi, akuiwale.

Ine ndinkaonera ndili pakhonde, ndikusenda mtedza, kuseka kukundipweteka m'nthiti. Kwathu ndi ku Vubwi. Ndinakulira m'mbali mwa mtsinje, ndipo atsikana a kwathu tinkamira m'dziwe kukatola mwala pansi tisanayambe n'komwe kutha msinkhu. Tsiku la pikiniki litayandikira, kuseka kuja kunanditha, mantha anandigwira. Ndinawayambitsa nkhaniyo tikudya masana.

"Bambo, mzungu uja akakati muyambe ndinu kulowa, mukatani?"

"Ndikalowa."

"Madzi si benchi, bambo. Tiyeni Loweruka lino tipite kumtsinje, kumtunda kopanda anthu. Ine ndikakugwirirani pamimba, mukazolowereko pang'ono."

Anaika mbale pambali. "Mayi, inu munalekezera kalasi yanji?"

"Simukudziwa kodi? Sabu B."

"Ndiye mwamuna wa satifiketi akagwiridwe pamimba ndi mkazi wake, ana a sukulu akusuzumira m'bango? Zimenezo zisiyeni. Inu mukonze sikono."

Ndinakonza sikonozo, ndinakazinga nkhuku, ndinasita diresi langa la maluwa limene telala wa ku Katete anandisokera, lalitali mpaka m'akakolo monga inkafunira mishoni. Loweruka la pikiniki tinanyamuka m'mawa, mwana nditamusiya kwa mnansi. Pofika, dzuwa linali litakwiya kale, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Mzungu ndi dona wake anakhala pa mipando yopinda pansi pa ambulera. Akulu a mpingo anakhala pa tebulo la simenti, atavala majekete akuda, akusungunuka mwaulemu. Amayi tinayala mphasa patali pang'ono, pafupi ndi akazi a eni masitolo, amene anatigawira tiyi wa zonunkhira.

Zothamanga zinatha bwino. Pokokana chingwe, chingwecho chinaduka, mbali zonse ziwiri zinagwa chagada, ndipo mbali zonse ziwiri zinati zapambana. Wa kwaya uja anaimbitsa nyimbo ziwiri, dona anaomba m'manja ndi nsonga za zala. Kenako inakwana nthawi ya amuna anga.

Anandandalika anyamata awo m'mbali mwa madzi, n'kuwachititsa zija za pa benchi, ali choimirira. Zinaoneka bwino ndithu, manja onse pamodzi. Mzungu anagwedeza mutu, n'kulankhula m'Chinyanja chake cha m'mphuno: "Zabwino, aphunzitsi. Tsopano muwaonetse inu poyamba."

Ndinkaganiza kuti apeza chonamizira, chifuwa kapena mwendo. Ayi ndithu. Anavula jekete, kulipinda bwinobwino, kuikapo taye pamwamba, nsapato pambali, masokosi m'kati mwa nsapato. Malayanso anavula, n'kutsala ndi kabudula wa kaki ndi lamba, wezulo ili m'khosi. Anayenda pa kamlatho kaja mpaka kumapeto, kumene boti limamangiriridwa chifukwa ndi pakuya. Anaimika manja pamwamba pa mutu monga munthu wa pa chithunzi choyamba cha m'buku lija. Pamenepo ndinazindikira kuti sakuchita zodzionetsera, akukhulupiriradi kuti atha. Mtima wanga unawamvera chisoni, ndipo unawapsera nthawi yomweyo.

Anagwa ndi mimba, phwaa. Anatulukira kamodzi, ndipo ndikuchitira umboni kuti anayesa: manja anapalasa, miyendo inakankha. Pofika popuma paja, anapumira pansi pa madzi. Anatulukiranso, maso ali tong'o, pakamwa pali yasa, osatulutsa mawu.

Pamtunda panali amuna osachepera makumi atatu. Wina ankakuwa kuti abweretse chingwe, chija chinaduka. Wina ankalimbana ndi mfundo ya boti, koma nkhafi zinali zokhomeredwa m'kanyumba ka mlonda. Anyamata odziwa kusambira aja anaima njo, chifukwa anauzidwa kuti wolowa m'madzi wezulo isanalire adzakwapulidwa, ndipo wezuloyo inali m'khosi mwa munthu amene ankamirayo. Mzungu anali atawerama, akumasula zingwe za nsapato zake chimodzichimodzi.

Ine sindikumbukira kuti ndinaganiza. Ndikudziwa chabe kuti diresi lalitali m'madzi limakulunga miyendo, ndipo tikanamira awiri. Ndinalivulira kumutu ndikuthamanga, duku linapita nalo limodzi, ndinatsala ndi pitikoti. Ndinadutsa pamaso pa akulu a mpingo, pamaso pa dona, pa matabwa otentha aja, n'kudziponya.

Munthu womira alibe chibale. Nditawafika, amuna anga anandikwera, kundikanikiza mutu pansi, miyendo yawo itandizinga m'chiuno. Tinamira tonse. Ndinachita zimene tinkachita kwathu: ndinadzimasula, n'kuwapatsa chibakera chimodzi champhamvu pakhutu. Anafooka. Ndinawagwira lamba chakumbuyo n'kuwakoka, ndikusambira ndi dzanja limodzi, kusambira kwa kumudzi komwe kuja, mpaka mapazi anga anagunda matope.

Apo ndiye amuna onse analimba mtima. Analowa mpaka m'maondo, kuwalandira aphunzitsi, kuwagoneka pa kapinga, kuwafinya pamimba. Mzungu anafika ali ndi nsapato imodzi, n'kuwagwira dzanja. Ine ndinaima ndekha m'matope, pitikoti atandimatirira pathupi. Amayi anzanga a mumpingo anayang'ana kumbali. Amene anabwera anali mkazi wa mwini sitolo wina, mayi wachikulire amene sindinkamudziwa n'komwe. Anavula nsalu yake ya pamapewa, kundifunditsa, n'kunena chapansipansi kuti, "Mwachita bwino, mwana wanga. Tiyeni kuseri kwa lole."

Lachitatu lotsatira anandiitana kwa akulu a mpingo. Milandu inali iwiri: kuvula pamaso pa amuna ndi ana a sukulu, ndiponso kumenya mwamuna wanga pagulu. Tinakhala m'kalasi masana, ine pamphasa, iwo pamipando. Amuna anga anakhala pambali, atavala taye, khutu lija likadali lotupa. Mkulu wina anati zonsezi mzungu anaziona ndi maso ake, ndipo sukulu singapatsidwe kwa munthu amene nyumba yake ilibe mwambo, pokhapokha zitadziwika kuti cholakwa chili kwa ndani.

Sindinaope. Ndinkadziwa kuti mwini nkhani ali pomwepo, wamoyo, akupuma mpweya umene ndinakawatengera ine. Ndinkangodikira kuti atsegule pakamwa.

"Aphunzitsi," anatero mkulu uja, "kodi inu munali pangozi?"

Amuna anga anakonza taye. Anayang'ana pa bolodi, osati kwa ine.

"Ayi, akuluakulu. Ine ndinkaonetsa ana kasambiridwe ka pansi pa madzi. Mayiwa sadziwa za sukulu, ndiye anachita phuma. Ndawalangiza kale kunyumba. Muwakhululukire, ndi kusaphunzira."

Akulu aja anapumira m'mwamba, onse anamasuka. Aliyense wa iwo analipo tsiku lija, aliyense anaona madzi amene anatuluka m'mimba mwa munthuyu, koma anagwedeza mitu ngati amva za nzeru. Anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinali nawo ambiri, okwana kugwetsa mpando uja ndi mwini wake yemwe. Koma ndinaganiza za mwana wanga, ndi za nyumba ya njerwa ya mphunzitsi wamkulu, ndipo ndisaname, inenso ndinkaifuna. Ndinati ndilibe. Anandiimitsa ku Mgonero miyezi isanu ndi umodzi, ndipo amuna anga anauzidwa pomwepo kuti dzina lawo lipita kwa mzungu.

Pobwerera iwo anali patsogolo, ine pambuyo, monga mwa masiku onse. Sindinalire. Ndinali ndi ukali wozizira umene sindinaumvepo chibadwire. Titapitirira munda wa thonje wa sukulu, pamene panalibe wotiona, anaima n'kundidikira. Ine wopusane ndinati mwina tsopano apepesa.

Anapendeketsa mutu, n'kudzigogoda pakhutu ndi chikhatho.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "khutu ili likadali ndi madzi, likungolira. Kwanu kuja mumatani kuti atuluke?"

Njira yake ndinkaidziwa bwino, mwana aliyense wa kumtsinje amaidziwa, ndipo sitenga nthawi. Ndinawayang'ana m'maso koyamba chichokereni ku damu.

"Sindidziwa, bambo," ndinatero, n'kuwapitirira, kukhala ine patsogolo mpaka kunyumba.